Kalata kwa Mkulu wa Koleji, Yochokera ku Mandeya

Olemekezeka Bwana Mkulu wa Koleji,

Ndife makolo a kuno ku Mandeya, m'chigwa cha Honde. Cholembera ndagwira ndine, koma mawuwa ndi a anthu ambiri: amayi othyola tiyi, abambo a ku fakitale, alimi a nthochi, ndi agogo amene akulera zidzukulu m'makomboni. Abale athu a ku minda ya tiyi ya ku Chipinge atamva kuti tikulemba, anati tiwaikemo.  Kuno mvula yayamba, tiyi waphukira, ndipo pa sikelo anthu akumachokapo dzuwa litapendeka. Makalata amene tinakutumizirani kudzera kwa ahedi a sekondale yathu sanayankhidwe, n'chifukwa chake iyi taiika poyera. Tailemba m'Chichewa, chinenero cha m'nyumba zathu. Pa koleji panupo pali ana athu amene angathe kukuwerengerani.

Tikudziwa kuti simunaiwale tsiku lopereka mphoto pa sekondale yathu, pamene munali mlendo wolemekezeka. Tinakulandirani ndi nyimbo, ndipo inu munalankhula mawu amene tinawasunga mpaka lero. Munati mwana amene wakhoza maphunziro asanu a O Level, kuphatikizapo Chingerezi ndi masamu, sadzabwezedwa pa geti panu chifukwa cha mapepala. Munati za fizi tidzakambirana ngati anthu. Munati mwana aliyense wa chaka choyamba adzakhala ndi mphunzitsi wake womuyang'anira, ndipo nthawi ya attachment, yokaphunzira ntchito ku kampani, ikakwana koleji idzathandiza kumupezera malo. Pomaliza munati mudzabweranso kudzatiuza mmene ana athu akuchitira. Amayi analuluta. Mawu anuwo ndi amene anachititsa kuti mbuzi zigulitsidwe, nthochi zipite ku Hauna zisanakhwime bwino, ndipo ena akatenge ngongole ya katapira. Akuluakulu amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Ife sitikufuna mutu wa munthu, Bwana. Tikungofuna kuti tidutse m'malonjezo aja limodzi ndi limodzi, inu muli pomwepo.

Tisanatero, tiloleni tikukumbutseni kuti ana amenewa achokera kuti. Tiyi woyamba m'dziko lino la Zimbabwe anabzalidwa ku Chipinge mu 1924, pa munda wa New Year's Gift, ndipo kuno ku Honde anafika m'zaka za m'ma 1950. Manja amene anagwetsa nkhalango ndi kuthyola masambawo ambiri anachokera kutali. Agogo anga anachokera ku Mulanje. Anzawo anachokera ku Thyolo ndi ku Dedza, ena kutsidya ku Mozambique, ena pa malole onyamula antchito otchedwa Ulere, ena wapansi. Ambiri anatchona, ndipo manda awo ali m'mapiri omwewa. Kuyambira pamenepo mibadwo yakhala ikulowana m'mizere ya tiyi. Kwa mabanja ambiri kuno, mwana amene tamutumiza kwa inu ndiye woyamba pa mtundu wonse kuponda pa koleji. Alibe malume amene anadutsamo woti amuuze kuti ofesi yakuti ili pati, fomu yakuti imalembedwa bwanji, kapena kuti munthu ukalephera phunziro limodzi sindiye kuti zonse zathera pomwepo. Ana a m'tauni zimenezi amazimvera pa mphasa ya kwawo. Athuwa akapanda kuuzidwa ndi koleji, palibenso wina wowauza.

Tiyambe ndi mapepala. Mukudziwa bwino lomwe kuti lamulo la unzika la 2001 linapatsa anthu miyezi isanu ndi umodzi yokha kuti akakane unzika wa maiko ena. Makolo athu ambiri sanalimve n'komwe, ndipo amene analimva sanadziwe kuti angakane bwanji dziko limene sanalionepo. Zitupa zawo zinawasandutsa alendo m'dziko limene anabadwiramo. Mayi wopanda chitupa amavutika kutengera mwana wake kalata ya kubadwa, ndipo vuto limodzilo limatsikira kwa zidzukulu. Ku Chipinge namondwe wa Idai mu Marichi 2019 anakokolola ngakhale mapepala ochepa amene ena anali nawo. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 anakonza nkhaniyi pa gawo 43: munthu wobadwira muno malamulowo asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake ndi nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala muno, ndi nzika ya Zimbabwe mwa kubadwa. Malawi ali mu SADC, Mozambique ndi Zambia chimodzimodzi. Komabe mnyamata wina wa m'komboni mwathu, amene anakhoza bwino kuposa anzake onse, anaima pa zenera la kalaliki wanu n'kuuzidwa kuti chitupa chake n'cha mlendo, abwere akakonza. Palibe amene anamufotokozera kuti chimakonzedwa kuti, ndipo palibe amene anamusungira malo. Ndalama ya basi inathera m'njira, sabata yolembetsa inatha, ndipo lero akunyamula matumba a tiyi. Ife sitikuti koleji ndi imene imapereka zitupa. Tikuti kalaliki wa koleji ya m'dziko muno ayenera kulidziwa gawo 43, ndipo kalata ya mizere itatu yochokera ku ofesi yanu, yonena kuti mwanayu walandiridwa ndipo akudikira chitupa, ikanamutsegulira zitseko zimene ife sitingathe kutsegula.

Za fizi tichedwapo pang'ono, chifukwa apa m'pamene ana ambiri akugwera. Tikudziwa kuti koleji siyenda ndi mphepo, ndiponso kuti vutoli simunaliyambitse ndinu. Thandizo la ndalama limene boma linkapereka kwa ophunzira a m'makoleji linatha mu 2006. Ndondomeko ya cadetship imene inabwera pambuyo pake, yoti boma lizilipirira ophunzira fizi, inasiya makoleji akudandaula kuti boma silikulipira. Ngongole za ku banki zimafuna womuimira mwana amene ali ndi malipiro okhazikika a mwezi ndi mwezi, ndipo thandizo la boma la fizi lotchedwa BEAM limathera ku sekondale. Gawo 75 la malamulo a dziko limanena kuti boma liyenera kuchititsa kuti maphunziro opitirira sekondale azifikirika pang'onopang'ono, ndipo zimenezo tidzafunsa kwa eni ake. Kwa inu tikufunsa chinthu chimene chili m'manja mwanu, ndicho kalendala.

Ndalama ya tiyi imayenda ndi mvula, Bwana. Kuyambira cha mu Disembala mpaka Epulo masamba amachuluka ndipo wothyola amapezako kanthu. Chisanu chikafika tiyi amagona, minda imadulidwa, ndipo antchito a kontilakiti ambiri amakhala pakhomo. Alimi ang'onoang'ono amene amagulitsa masamba ku fakitale ya Wamba nawonso amadikira mvula yomweyo. Mnansi wanga amadzuka kusanache, amamanga pulasitiki m'chiuno kuti mame asamunyowetse, dengu kumsana, n'kulowa mu mzere. Zala zake zinada ndipo zinang'ambika m'mphepete mwa zikhadabo. Masana amaima pa sikelo kuyang'anitsitsa kalaliki akulemba makilogalamu, kenaka amawerengera pamtima kuti pa fizi ya mwana wake pachoka zingati. Analipira gawo lalikulu m'nyengo ya masamba. Kotsalako kanali kosafika mtengo wa mbuzi imodzi, ndipo anatuma mwana kukapempha kuti adzamalize mvula ikagwa. Mtsikanayo anatsekeredwa kunja kwa chipinda cha mayeso. Anakhala pa khonde anzake akulemba, ndipo semesita yonse imene mayi ake anaithyolera inapita m'madzi. Koleji sinapindule kalikonse pa zimenezo, chifukwa mwana amene wabwerera kwawo salipiranso fizi ya chaka chamawa. Kukambirana kumene munalonjeza kuja kukanangokhala pepala limodzi losainirana kuti banja la ku tiyi lizilipira zambiri pakati pa Januwale ndi Meyi, zochepa m'chisanu. Magolosale a kuno amatipatsa ngongole mwa njira yomweyo, ndipo timabweza.

Kenaka pali mphunzitsi womuyang'anira mwana uja. Tafunsa ana athu patchuthi, mmodzimmodzi, ndipo palibe amene akumudziwa. Ena akuti maina anapachikidwa pa bolodi sabata yoyamba, koma amene anagogoda pa chitseko anauzidwa kuti abwere tsiku lina. Taganizirani ulendo wa mwanayu. Wakwera kombi ku Hauna usiku, wasintha basi ku Mutare, wafika m'tauni imene sanagonemo chibadwire. Hositelo yadzaza, ndiye akuchita lendi kachipinda ndi anzake angapo, kuphika pa mbaula imodzi, kuyenda wapansi mtunda wautali chifukwa ndalama ya kombi ndi yomweyo ya ndiwo. M'kalasi akuuzidwa kuti ntchito itumizidwe pa intaneti, pamene iye kompyuta waigwira koyamba mwezi womwewo. Amachita manyazi kufunsa. Kwawo amalankhula Chichewa, pabwalo Chimanyika kapena Chindau, ndipo Chingerezi chake n'cha m'buku, chimene amachilemba bwino koma chimamuthawa akaimirira pagulu. Anzake akamva katchulidwe kake kapena dzina la bambo ake amamutcha maina aja mukuwadziwa, amene agogo athu ankatchedwa m'mapulazi, ndipo mwana amayamba kubisa kwawo. Zikutipweteka kwambiri zimenezi, chifukwa gawo 6 la malamulo a dziko limatchula zinenero 16 zovomerezeka, ndipo pa mndandandawo Chichewa chili poyamba penipeni.

Ife anthu a tiyi timadziwa kuti mbande sichoka ku nazale n'kupita padzuwa tsiku limodzi. Imakhala pa mthunzi, udzu wa pamwamba umachotsedwa pang'onopang'ono mpaka itazolowera, ndipo ikabzalidwa kapitawo amayenda mzere ndi mzere kuwerenga zimene zafa kuti apakize. Kampani imachita zimenezi chifukwa imadziwa mtengo wa mbande iliyonse. Masabata oyamba a mwana pa koleji ndi otero. Munthu mmodzi wamkulu womudziwa dzina, womufunsa ngati wadya, ngati wapeza pogona, ngati masamu akumveka, angathe kupulumutsa chaka chonse. Ophunzira a chaka chachitatu ochokera m'chigwa muno ndi ku Chipinge angagwire mbali ina ya ntchitoyi mosangalala mutangowaitana ndi kuwapatsa chipinda chokumaniramo.

Musaganize kuti tikulota zinthu zosatheka. Ku New York, makoleji a City University of New York anayamba mu 2007 ndondomeko yotchedwa ASAP yothandiza ophunzira ochokera m'mabanja osauka. Ankawapatsa khadi yokwerera sitima ndi basi, mabuku, ndalama yotsekera kampata kotsala pa fizi, ndi mlangizi wokhala ndi ophunzira ochepa amene ankakumana nawo pafupipafupi. Bungwe lofufuza la MDRC litayerekeza magulu awiri, linapeza kuti patatha zaka zitatu ophunzira 40 pa 100 alionse a mu ndondomekoyi anali atamaliza, pamene mwa anzawo anamaliza ndi 22 okha. Ndalama za ku America inu mulibe, tikudziwa. Koma taonani zimene zinasintha zinthu kumeneko: thiransipoti, mabuku, kangongole kakang'ono, ndi munthu wofunsa. Ndi zomwezo zimene zikugwetsa ana athu, ndipo chomalizacho chimafuna mtima ndi dongosolo kuposa ndalama.

Za attachment sitichulutsa mawu. Ana anauzidwa kuti aliyense adzipezere yekha malo. Mwana wa bwana amaimbira foni mnzawo wa bambo ake, nkhani yatha. Mwana wa wothyola tiyi amayenda ndi envulopu geti ndi geti mpaka nsapato kutha, ndipo popanda attachment palibe dipuloma. Chikutidabwitsa n'chakuti ntchito zimene mumaphunzitsa zili pakhomo pathu pompano. Mafakitale a tiyi a kuno ndi a ku Chipinge ali ndi maboila, mainjini, magetsi, malole ndi maofesi a ziwerengero. Pa mtsinje wa Pungwe ndi timitsinje tina ta m'chigwa muno pali malo opangira magetsi a madzi. Mwana wathu atapeza malo kuno angagone kwawo, kudya kwawo, osalipira lendi. Unduna wanu umalalikira Education 5.0, yoti koleji isamangophunzitsa ndi kufufuza koma izitumikira anthu ndi kulumikizana ndi mafakitale. Olemba ntchito amapereka 1 peresenti ya malipiro ku thumba la ZIMDEF kuti anthu aphunzire ntchito. Chimene chikusowa ndi munthu wa ku koleji kwanu wokwera galimoto n'kudzakhala pansi ndi mamanijala. Kalata ya kholo la m'komboni sifika patebulo la manijala, koma yanu imafika.

Pali nkhani ina imene amayi andiuza kuti ndisaisiye. Mtsikana akasowa lendi m'tauni, amene amayamba kumuona ndi abambo a magalimoto, osati koleji. Ena mwa ana athu abwera ndi pathupi. Lamulo la maphunziro lokonzedwa mu 2020 linaletsa kuchotsa mwana pasukulu chifukwa cha mimba. Ngati sekondale ya kumudzi ikutha kumusungira malo mtsikana, koleji yanu singalephere kumulembera kuti malo ake alipo, akachira abwere adzapitirize pamene analekezera. Ndipo pogawa malo a mu hositelo, yambani mwaona amene achokera kutali.

Chimene chatiwawa koposa zonse, Bwana, n'chakuti ana amene anasiya aja palibe amene anawafunsa. Mwana anasowa m'kalasi sabata, mwezi, semesita, ndipo foni ya kholo lake, imene inalembedwa pa fomu yanu, sinalire. Tsiku lolembetsa maina awo analembedwa bwinobwino ndipo risiti inaperekedwa. Tsiku limene anasowa palibe buku limene linatsegulidwa. Tikamva pa wailesi kuti makoleji alandira ophunzira ochuluka chaka chino timakondwera, koma funso lathu ndi lina: mwa amene analowa pa geti panu, angati anatuluka ndi pepala m'manja, ndipo otsalawo anagwera pati? Mukapanda kuwerenga amenewa simungadziwe ngati vuto lili pa masamu a chaka choyamba, pa lendi, kapena pa zenera la kalaliki. A Pulezidenti Mnangagwa amabwereza kawirikawiri kuti pasakhale munthu kapena dera lotsalira m'mbuyo, ndipo inunso munawatchula mawu amenewo tsiku lija. Otsalirawo ali ndi maina, ndipo mainawo ali m'mafaelo anu.

Tamva kuti ena mwa aphunzitsi anu amati ana a ku tiyi sapirira. Amene akunena zimenezo sakuidziwa mbiri ya kuno. Kwa zaka zambiri minda ya tiyi ya kampani ya Tanganda ku Chipinge inali ndi sukulu zimene ana ankagawa tsiku pawiri, gawo lina kuthyola tiyi, gawo lina m'kalasi, kuti adzilipirire okha maphunziro. Pulofesa Michael Bourdillon wa ku University of Zimbabwe analemba za ana amenewa. Ndondomekoyo inali yowawa, anthu anaitsutsa kuti ikugwiritsa ntchito ana, ndipo inathetsedwa. Ine sindikuilakalaka. Ndikungonena kuti anthu amene ankalowa m'munda mame ali thoo kenaka n'kukagwira cholembera ndi zala zotupa, ndiwo makolo ndi azakhali a ana amene muli nawowo. Khama analiyamwira. Chimene chimawagwetsa ndi kusowa woti awaonetse njira pamene yasokonekera.

Ifenso sitinakhale manja lende. Amayi ali ndi chipereganyu cha fizi. Bungwe lathu la maliro, limene agogo analiyambitsa kuti mtchona asaikidwe ngati wopanda abale, tsopano limapatulako kandalama ka basi ya ophunzira. Ku mpingo timawaitana patchuthi kuti atiuze zimene zikuwavuta, ndipo zambiri zimene zili m'kalata muno tazimva kumeneko. Mbali yathu tikuigwira ndipo tipitiriza. Koma sitingalowe m'kalasi mwanu, sitingasinthe tsiku la fizi, sitingalembe kalata yokhala ndi chidindo cha koleji.

Choncho pempho lathu ndi ili. Bwerani, monga munanenera, nthawi yolembetsa ophunzira atsopano isanafike. Ngati msewu wa ku Mandeya wavuta ndi mvula, ife titsikira ku Hauna. Mubwere ndi mndandanda wa ana onse a m'chigwa muno ndi a ku Chipinge amene analembetsa kwa inu kuchokera tsiku lija, wosonyeza amene akupitiriza, amene anamaliza ndi amene anasiya. Ife tidzakuuzani kumene aliyense wa osiyawo ali, ndipo tidzaona limodzi amene angabwerere. Mubwerenso ndi yankho pa za kalipiridwe kotsata nyengo ya tiyi, ndi dzina ndi nambala ya foni ya munthu mmodzi pa koleji panu amene kholo lingamuimbire iye n'kuyankha. Ngati ntchito yakuchulukirani, tumizani wachiwiri wanu, koma akhale woti akanena mawu koleji iwatsatira.

Zotsatira za mayeso a ZIMSEC zituluka kumayambiriro kwa chaka, ndipo makolo a ana amene akhoza adzabwera kudzatifunsa ngati awatumize kwa inu. Tikufuna tidziwe chowayankha.

Ndine wanu mwaulemu,

Kholo la ku Mandeya, m'malo mwa makolo anzanga